Ntchito yosaka zosaoneka: Kodi mwana wa ku Malawi angadyerepo?

Mu May 2015, magazini ya akatswiri a sayansi yotchedwa Physical Review Letters idatulutsa lipoti la kafukufuku la masamba 33. Nkhani yeniyeni idathera pa masamba 9 oyambirira. Masamba 24 otsalawo adali mayina okhaokha a anthu amene adalemba lipotilo pamodzi ndi sukulu zawo. Onse pamodzi adalipo 5,154.

Chomwe chinamtindi cha anthuchi chinkanena chidali chimodzi basi: kulemera kwa kanthu kotchedwa Higgs boson, kamene palibe adakaonapo ndi maso, komanso kakangobadwa kamasweka nthawi yomweyo, chikope chisanaphethire n'komwe.

Ine ndidaphunzitsako physics ku sekondale kwa zaka zingapo, ndipo funso la makolo ndimalidziwa bwino. Mwana akanena kuti akufuna kukapitiriza phunziroli ku sukulu ya ukachenjede, bambo amayamba ausa moyo kenako n'kufunsa kuti, "Ndiye ukamaliza udzalembedwa kuti? Bwanji osangopanga za udokotala?" Funsoli si lachibwana. Fizi ndi yodula, ndipo pakhomo pali ang'onoang'ono amene akuyang'anira mkulu wawoyo. N'chifukwa chake lero ndati tione bwino kuti anthu 5,154 aja amagwira ntchito yanji, amafikako bwanji, ndipo amathera kuti. Ndinena zokoma ndi zowawa zomwe.

Chimakina cha pansi pa nthaka

Kafukufukuyu likulu lake lili ku CERN, labotale imene maiko 12 a ku Ulaya adaikhazikitsa mu 1954 pafupi ndi mzinda wa Geneva, m'malire a Switzerland ndi France. Kumeneko kuli Large Hadron Collider, mwachidule LHC, ngalande yozungulira yotalika makilomita 27 imene idakumbidwa mamita pafupifupi 100 pansi pa nthaka. Mtundawo tingauyerekeze ndi wochoka mumzinda wa Lilongwe kukafika ku bwalo la ndege ku Lumbadzi.

M'ngalandemo amathamangitsamo mapulotoni, tinthu topezeka m'kati mwa atomu, pa liwiro lotsala pang'ono kufanana ndi la kuwala, moti pa sekondi imodzi timazungulira maulendo oposa 11,000. Maginito akuluakulu 1,232 ndi amene amatikhotetsa kuti tisaphonye njira, ndipo maginitowo amawaziziritsa kufika pa madigiri 271 kunsi kwa ziro. Tinthu tina timayenda chakumanja, tina chakumanzere, kenako pa malo anayi amatiombanitsa. Zidutswa zotuluka pa kuombanako ndi zimene akatswiri amaziwerenga.

Pa malo aliwonse oombanirapo pali chipangizo chojambula zidutswazo. Chachikulu mwa zonse ndi ATLAS, chotalika mamita 46, mulitali mamita 25, cholemera matani 7,000. Magetsi nawo si ocheza. Makina onse akayaka, CERN imadya mamegawati pafupifupi 200, kuposa mamegawati 130 amene Kapichira yathu imapanga.

Zonsezi n'zofuna kuyankha funso lakalekale loti dziko ndi zonse zili m'menemo zidapangidwa ndi chiyani. Mu 1964, Peter Higgs wa ku Edinburgh, komanso François Englert ndi Robert Brout a ku Brussels, adalemba masamu osonyeza chimene chimapatsa tinthu tating'onoting'onoti kulemera. Padatenga zaka 48 kuti umboni upezeke, pa 4 July 2012, ndipo chaka chotsatira Higgs ndi Englert adalandira mphoto ya Nobel. Komabe ntchito ikadalipo yambiri. Zonse zimene sayansi imazidziwa bwino, kuyambira nyenyezi mpaka nsima ili m'mbale mwanu, ndi magawo 5 okha pa 100 aliwonse a zimene zili m'chilengedwe. Zotsalazo anazipatsa mayina, koma chimene zili sichinadziwike.

Ntchito imagwiridwa m'masukulu

Pali chinthu chimene ambiri sachidziwa. Unyinji wa anthu aja si antchito a CERN ayi. CERN imamanga ndi kuyendetsa LHC, koma zipangizo zojambulira ngati ATLAS zimamangidwa ndi kusamalidwa ndi timagulu ta m'sukulu za ukachenjede za m'maiko osiyanasiyana. Gulu lililonse limakhala ndi mapulofesa ochepa, ena amene angomaliza kumene PhD, ophunzira a Masters ndi PhD, komanso mainjiniya ndi amisiri. Gulu likamalowa m'bungwelo limalonjeza kuti chigawo chakutichakuti cha makinawo chikhala m'manja mwake.

Chitsanzo chapafupi ndi ife chili ku Johannesburg, mzinda umene abale athu ambiri amakagwirako maganyu. Dziko la South Africa lidalowa mu ATLAS mu 2010, kutsatira Morocco imene idalowa mu 1996. Pa University of the Witwatersrand, yomwe ambiri amangoti Wits, pali gulu lotchedwa Institute for Collider Particle Physics limene mtsogoleri wake ndi Pulofesa Bruce Mellado. Gululi limagwira ntchito pa chigawo cha ATLAS chotchedwa Tile Calorimeter, chopangidwa ndi zitsulo zosanjikizana ndi timatailosi ta pulasitiki timene timathwanima kachidutswa kakadutsamo. Kuthwanimako kumasandulika magetsi, magetsiwo n'kusandulika manambala osonyeza mphamvu ya kachidutswako.

Pa ntchito yokonzanso ATLAS imene ili m'kati, a ku Wits adatenga udindo wopanga theka la timabokosi topereka magetsi ku chigawochi, theka linalo likupangidwa ku Texas m'dziko la America. Kabokosi kalikonse kayenera kupirira cheza champhamvu ndi maginito kwa zaka zambiri, pamalo poti munthu sangangolowa kukakonza makina ali m'kati moyenda. Tsono kasanatumizidwe ku Geneva amakayesa, kukatenthetsa dala kwa maola angapo kuti ngati kali kofooka kafere konkuno, kenako n'kukayesanso. Ntchito yoyesayi ambiri amene amaigwira ndi ophunzira. Mwana amene adalowa akuganiza kuti azikangolemba masamu pabolodi amapezeka wagwira waya ndi chowotcherera m'manja.

Mmene tsiku limathera

Wophunzira wa PhD m'gulu lotere nthawi yake yambiri imathera pa kompyuta, kulemba mapulogalamu m'zinenero za C++ ndi Python. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. M'kati mwa ATLAS magulu a mapulotoni amakumana maulendo 40 miliyoni pa sekondi. Palibe kompyuta padziko lapansi imene ingasunge zonsezo, choncho pali makina osefa otchedwa trigger amene amasankha nthawi yomweyo zoti zisungidwe, masauzande ochepa okha pa sekondi. Zotsalazo zimatayidwa, osadzapezekanso. Amene alakwitsa pokonza sefayo akhoza kutaya chinthu chimene anzake akhala akuchisaka moyo wawo wonse.

Zosungidwazo nazo zambiri ndi madeya. Higgs boson imabadwa pafupifupi kamodzi pa kuombana 1 biliyoni, ndipo mwa ma Higgs 1,000 aliwonse, awiri okha ndi amene amasweka n'kukhala timiyuni tiwiri ta kuwala, njira imodzi mwa zimene zidathandiza kuipeza. Amayi opeta mpunga amachotsa timiyala tochepa mumpunga wambiri. Apa zili mosemphana, lichero ladzaza timiyala ndipo mukusaka njere imodzi ya mpunga.

Kupatula apo pali mashifiti. Makina akayamba kuyenda sagona, ndiye m'chipinda choyang'anira ATLAS mumakhala anthu usana ndi usiku, kusinthana maola 8 aliwonse, ndipo ena amayang'anira ali kwawo kudzera pa intaneti. Pali misonkhano yosatha ya pa kanema, wina ali ku Tokyo kukuda, wina ku Chicago kukucha. Zimene wapeza umazionetsa kwa anzako a m'maiko ena amene ntchito yawo ndi kufufuza pomwe walakwitsa, ndipo lipoti lisanatuluke limadutsa m'manja mwa makomiti kwa miyezi yambiri, nthawi zina kupitirira chaka.

Kukhwimitsa kotereku kuli ndi chifukwa. Mu December 2015, ATLAS ndi gulu linzake la CMS adaona kachizindikiro kooneka ngati kanthu katsopano kolemera kasanu ndi kamodzi kuposa Higgs. Akatswiri a masamu adalemba malipoti mazanamazana ofotokoza chimene kangakhale. Pofika August 2016, data yambiri itabwera, kachizindikiroko kadazimirira. Adali mwayi chabe wa manambala, ngati mmene ndalama yachitsulo ingagwere mbali imodzi kasanu kotsatizana. N'chifukwa chake m'ntchitoyi salengeza kuti apeza chinthu pokhapokha mpata woti zangochitika mwangozi utachepa kufika pa kamodzi mwa maulendo 3.5 miliyoni. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pano kudekhako adakuika m'malamulo.

Makwerero ake ndi minga yake

Njira yake imayamba ndi digiri yoyamba ya physics, masamu, uinjiniya wa zamagetsi kapena za makompyuta. Kenako Masters ya chaka chimodzi kapena ziwiri, ndiye PhD ya zaka zitatu mpaka zisanu malinga ndi dziko. Pa Masters ndi PhD, ophunzira ambiri m'magulu otere salipira okha, amapeza sikolashipu yolipira fizi ndi kandalama kodyera. Si ndalama yomangira nyumba kumudzi, komabe munthu amakhala.

Dzina silimangolowa pamndandanda wa olemba uja. Ku ATLAS, watsopano aliyense amapatsidwa ntchito yothandiza gulu lonse, monga kukonza pulogalamu kapena kuyesa zipangizo, yoti aigwire kwa chaka ndipo aikepo masiku osachepera 80 athunthu. Akaimaliza, dzina lake limayamba kulembedwa pa lipoti lililonse la ATLAS, motsatira alifabeti, pulofesa ndi wophunzira mosasiyanitsa. Kukoma kwake n'koti amene adagwira waya amalemekezedwa mofanana ndi amene adajambula chithunzi chomaliza. Kuwawa kwake n'koti pakati pa mayina 3,000, olemba ntchito sangadziwe kuti iweyo udachitapo chiyani. Umadalira makalata okuchitira umboni ochokera kwa akuluakulu, komanso mpata wokayankhula pamisonkhano ikuluikulu. Wamanyazi, kapena amene pulofesa wake samukankhira kutsogolo, amatha kumira m'gulumo ngakhale ali wakhama.

Minga yeniyeni imabwera PhD ikatha. Munthu amalowa ntchito yotchedwa postdoc, ya kontirakiti ya zaka ziwiri kapena zitatu. Ikatha amasaka ina, kawirikawiri m'dziko lina. Wina amafika zaka 35 akadali ndi sutikesi pakhomo, mkazi kapena mwamuna wake akusiya ntchito ulendo uliwonse, ana akusintha sukulu ndi chinenero. Kwa amene ali ndi pasipoti ya kuno kwathu onjezanipo mavuto a viza, ndi maliro a kumudzi amene amangowamvera pa WhatsApp. Mipando yokhazikika ya uphunzitsi ndi yochepa kwambiri, ndipo masamu ake ndi oonekeratu: pulofesa mmodzi amatulutsa ophunzira a PhD ambirimbiri pa moyo wake, koma akapuma mpando umene amasiya ndi umodzi. Higgs mwini wakeyo, amene adamwalira mu April 2024 ali ndi zaka 94, adauza nyuzipepala ya The Guardian mu 2013 kuti m'masiku ano sakadalembedwa ntchito pa yunivesite chifukwa sankatulutsa malipoti ambiri.

Choncho amene angauze mwana kuti akalowa m'gululi adzakhala pulofesa akumunamiza. Ambiri sakhala.

Osiyawo amalowera kuti?

Apa ndi pamene yankho la bambo aja lili. Munthu amene watha zaka zinayi akusefa manambala mabiliyoni, kulemba mapulogalamu, kukonza zamagetsi, ndi kuteteza zotsatira zake pamaso pa anthu okayika a m'maiko khumi, sasowa kolowera. Mabanki, makampani a inshuwalansi, a mafoni ndi a zamakompyuta amawalemba anthu otere, ndipo kawirikawiri malipiro ake amaposa a ku yunivesite. Ngakhale nzeru zopangira makompyuta kuti aziphunzira okha, zimene lero aliyense akuzitchula kuti AI, akatswiri a tinthu tating'onoting'ono akhala akuzigwiritsa ntchito posefa data kwa zaka zambiri. Mliri wa Covid-19 utafika, Mellado adali m'komiti yolangiza mkulu wa chigawo cha Gauteng, ndipo gulu lake lidatembenuza luso lomwelo n'kumalosera mmene matenda afalikire.

Zina zimene tikugwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku zidachokera komweko. Mu 1989, Tim Berners-Lee, ali ku CERN, adalemba maganizo a njira yoti akatswiri omwazikana m'maiko azigawana zikalata mosavuta. Ndiyo World Wide Web imene mukuwerengerapo nkhani ino, ndipo pa 30 April 1993 CERN idaipereka kwa aliyense mwaulere.

Chitsanzo chimene chimandigwira mtima ndi cha Allan Cormack, wobadwira ku Johannesburg mu 1924. Mtima wake udali pa kafukufuku wa atomu ndi tinthu ta m'kati mwake. Mu 1956, akuphunzitsa pa University of Cape Town, adapemphedwa kuti azikathandiza masiku ochepa pa sabata ku chipatala cha Groote Schuur, ku mbali yothandiza odwala khansa ndi cheza. Kumeneko adayamba kudzifunsa mmene munthu angadziwire za m'kati mwa thupi pounika ndi X-ray kuchokera mbali zambiri. Masamu ake adawasindikiza mu 1963 ndi 1964, anthu osawalabadira. Masamu omwewo ndi maziko a makina a CT scan, amene lero madokotala a ku Queens ndi ku Kamuzu Central amadalira pofuna kuona ngati wovulala pangozi ya kabaza magazi akuchucha m'mutu. Mu 1979 Cormack adalandira Nobel ya zachipatala pamodzi ndi Godfrey Hounsfield, chonsecho sadali dokotala.

Nanga ife zikutikhudza pati?

Wina anena kuti dziko limene ana ake akuphunzirira pansi pa mtengo lilibe chochita ndi Higgs boson. Pa nkhani yomanga makina, ndikugwirizana naye kwathunthu. Bajeti ya CERN imaposa 1 biliyoni ya ndalama za ku Switzerland pa chaka, ndipo palibe dziko la mu Africa limene ndi membala wathunthu. Palibe akupempha Malawi kuti ikumbe ngalande.

Koma taonani izi. Kwa zaka zambiri takhala tikutumiza odwala khansa kunja, ku India ndi maiko ena, kukalandira thandizo la cheza, ndipo ambiri adatisiya akadali pamndandanda wodikira. Makina operekera chezacho, otchedwa linear accelerator, ndi ang'ono ake a makina a ku Geneva: amathamangitsa maelekitironi n'kuwaombetsa pachitsulo kuti patuluke cheza chopha chotupa. Kugula makinawo ndi mbali imodzi. Pamafunikanso katswiri wa physics ya zachipatala woyeza kuti cheza chikutuluka pa mlingo woyenera, chifukwa chikachepa chotupa chimakula, chikachuluka chimawotcha wodwala. Tili ndi miyala ya uranium ku Kayelekera m'boma la Karonga. Tili ndi lamulo la Atomic Energy Act la 2011 ndi bungwe la Atomic Energy Regulatory Authority loyang'anira zonse zotulutsa cheza. Ntchito zimenezi zimafuna anthu odziwa kuyeza zosaoneka, ndipo anthu oterowo amasulidwa m'magulu ngati a ku Wits, kapena ku iThemba LABS pafupi ndi Cape Town, kumene makina othamangitsa tinthu amapangiranso mankhwala ounikira matenda m'zipatala.

Makomo olowera alipo, kungoti ana athu ambiri sadawamvepo. African Institute for Mathematical Sciences, imene Neil Turok adaiyambitsa ku Muizenberg mu 2003, imapereka Masters yolipiriridwa zonse kwa ophunzira a mu Africa. African School of Fundamental Physics and Applications, imene mmodzi mwa oiyambitsa ndi Ketevi Assamagan wa ku Togo, idayamba ku Stellenbosch mu 2010, ndipo yachitikirapo ku Kumasi, Dakar, Kigali ndi Windhoek. Kumeneko wophunzira amakhala masabata angapo ndi akatswiri amene mawa lake angamulembere kalata ya umboni. CERN nayo chaka chilichonse imatenga ophunzira a digiri, kuphatikizapo a m'maiko amene si mamembala, kukakhala ku Geneva masabata angapo.

Khomo lina silifuna ngakhale pasipoti. Kuyambira 2014, CERN imaika data yeniyeni ya LHC pa intaneti kuti aliyense aigwiritse ntchito mwaulere, ndipo ATLAS idakonza ina mwapadera yophunzitsira. Wophunzira wa chaka chachinayi ku Zomba, ku Thyolo kapena ku Mzuzu, ali ndi laputopu ndi intaneti yodalirika, akhoza kudzipezera yekha chizindikiro cha Higgs m'manambalawo ngati pulojekiti yake yomalizira. Ndipo likulu la UbuntuNet Alliance, bungwe lolumikiza intaneti ya masukulu a ukachenjede a kum'mawa ndi kummwera kwa Africa, lili mu Lilongwe momwemu.

Pempho langa kwa akuluakulu a madipatimenti a physics ndi a National Commission for Science and Technology ndi laling'ono. Sukulu imodzi iyambe ndi mphunzitsi mmodzi ndi ophunzira awiri kapena atatu pa chaka, ogwiritsa ntchito data yaulereyi. Isainirane mgwirizano ndi gulu limodzi la ku South Africa kuti ophunzira a Masters aziyang'aniridwa mbali ziwiri, miyezi ina kuno, miyezi ina uko. Ndipo boma likonzeretu malo a ntchito oti obwerera adzafikirepo, m'zipatala, m'mabungwe oyang'anira cheza ndi m'masukulu. Tikapanda kutero tidzakhala tikulera nkhuku zokaikira mazira kwa aneba, ndipo sitidzakhala ndi chifukwa chowadzudzulira anawo.

Kwa inu makolo, mwana akakonda physics musamuletse, koma muuzeni zoona. Aphunzire kulemba mapulogalamu a kompyuta molimbika ngati mmene akuphunzirira masamu, alimbikire Chingerezi cholemba, ndipo adziwiretu kuti upulofesa ndi wa ochepa pamene luso lake lili ndi misika yambiri.

Malinga ndi ndondomeko ya CERN, kuyambira pakati pa 2026 LHC ikhala chizimire kwa zaka pafupifupi zinayi kuti aiwonjezere mphamvu, ndi kuikamo zipangizo zatsopano ngati timabokosi ta ku Johannesburg tija. Idzayakanso cha m'ma 2030 n'kuyenda mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2040, ikutulutsa data yochuluka kangapo kuposa yonse imene yapezeka chiyambire. Amene adzasefe data imeneyo ambiri sadafike n'komwe ku yunivesite. Ena panopa ali Fomu 2, ndipo palibe lamulo loletsa kuti mmodzi mwa iwo akhale wa pa CDSS ya kwanuko.